Akusankhani kupita ku annual conference? Werengani izi musanakakweze dzanja

Ulendo wanga woyamba ku annual conference, msonkhano wa pachaka wa abusa ndi akhristu wamba osankhidwa ndi mipingo yathu, ndinabwerako ndi manyazi, ndipo mpaka lero nkhaniyi imandikhudza. Masiku onse amene tinakhala kumeneko ntchito yanga inali kuyang'ana abusa athu basi, akakweza dzanja nane ndakweza, akakhala chete nane ziii, ndiye titabwerako Lamulungu lotsatira mayi ena achikulire a mumpingo mwathu, amene amagulitsa tomato kuti apeze chopereka, anandiimitsa panja pa tchalitchi nkundifunsa kuti "mwana wanga, tamva kuti ndalama yomwe mpingo wathu uzipereka ku konfarensi yakwera, inu munali konko munanenapo chani?" Ndinasowa mawu. Bajeti imeneyo ndinaivotera ndi dzanja langa lomweli koma sindinawerenge ngakhale tsamba limodzi. Nde ngati chaka chino charge conference, msonkhano wa pa seketi yanu, yasankha inuyo kuti mupite, chonde werengani izi musanalongedze chikwama, sindikufuna zimene zinandigwera ine zikugwereninso.

Ndikukamba za United Methodist Church, mpingo umene unapangidwa mu 1968 ku Dallas pamene Methodist Church inaphatikizana ndi Evangelical United Brethren, ndipo malamulo ake ali mu Book of Discipline. Kuno ku Malawi tili ndi provisional annual conference, kutanthauza konfarensi imene sinafikebe pokhala annual conference yathunthu, ndipo kwa zaka zambiri takhala pansi pa bishopu wa ku Zimbabwe, ambiri mukuwakumbukira a Bishopu Eben Nhiwatiwa amene anasankhidwa mu 2004. Abale amene mumapemphera ku Methodist Church of Southern Africa ku Joni kapena ku Methodist ya ku Britain, kumeneko msonkhano wa chigawo amautcha synod ndipo malamulo ake ndi ena, mzimu ndi womwewo koma musatenge manambala anga apa nkukawagwiritsa ntchito kumeneko. Komanso konfarensi iliyonse imakhala ndi ma standing rules akeake owonjezera pa Discipline, amenewo ndi amene amanena za maminitsi olankhulira, tsiku lomaliza lotumizira nkhani ndi zina zotero, muwapemphe kwa DS (district superintendent, mbusa woyang'anira distirikiti) kapena kwa mlembi wa konfarensi pasadakhale.

Msonkhano umenewu si chinthu chongobwera dzana. John Wesley, amene anayambitsa Chimethodist, anaitanitsa konfarensi yoyamba mu June 1744 ku London, anali anthu ochepa kwambiri, iyeyo ndi m'bale wake Charles, ansembe ena anayi ndi alaliki wamba anayi, ndipo mafunso awo anali oti tiphunzitse chani, tiphunzitse bwanji, tichite chani. Ine chimene chimandigwira mtima ndi choti alaliki wamba analowamo kuyambira pachiyambi pomwe. Lero malamulo amanena poyera kuti annual conference ndiye tsinde la mpingo wonse, ndipo chiwerengero cha ma lay member, akhristu wamba osankhidwa ngati inuyo, chiyenera kufanana ndi cha abusa. Abusa akachuluka, poti opuma nawonso amawerengedwa, konfarensi imasankha akhristu wamba ena owonjezera kuti sikelo ifanane. Ndiye musamadzione ngati mwangoperekeza abusa ayi, voti yanu ndi imodzi, ya abusa ndi imodzi, ya DS ndi imodzi. Bishopu amene akutsogolera zokambirana alibe voti nkomwe chifukwa iwo si membala wa annual conference, ntchito yawo ndi kuyendetsa msonkhano.

Musananyamuke onetsetsani kuti kusankhidwa kwanu kuli bwinobwino. Lay member amasankhidwa ndi charge conference, uja msonkhano wa pa seketi umene amatsogolera a DS, ndipo ayenera kukhala membala wa mpingo kwa zaka ziwiri komanso wotengapo mbali kwa zaka zinayi asanasankhidwe, ngakhale kuti kuno kwathu konfarensi ikhoza kuwafewetsera achinyamata osakwana zaka 30. Palinso ena amene amalowa chifukwa cha udindo wawo, monga lay leader (mtsogoleri wa akhristu wamba) wa konfarensi, ma lay leader a ma distirikiti, apulezidenti a amayi, a abambo ndi a achinyamata. Mukadwala kapena kwagwa maliro musangotuma mlamu wanu kuti akakhalepo m'malo mwanu, pamakhala munthu amene anasankhidwiratu ngati wogwirizira ndipo ndi yekhayo amene angavote, mlembi ayenera kuuzidwa. Zimamvetsa chisoni kuona munthu wawononga ndalama ya thiransipoti kuchokera kutali nkukamuuza pa tebulo lolembetsera kuti dzina lanu palibe, mukhale kumbuyo ngati mlendo.

Pali mawu amodzi amene ndikufuna muwagwire. Book of Discipline silikutchulani kuti nthumwi, limakutchulani kuti membala. Kusiyana kwake nkwakukulu, nthumwi imangonyamula zimene yatumidwa, koma membala amamvetsera zokambirana, amapemphera, nkuvota monga mmene chikumbumtima chake chamuuzira. Sizikutanthauza kuti muwanyalanyaze anthu akwanu ayi, khalani nawo pansi musanapite, funsani amayi, achinyamata, msungichuma, mumve zimene zikuwapweteka. Koma mukafika uko nkumva mfundo imene simunaidziwe muli ndi ufulu wosintha maganizo, bola mukathe kufotokoza chifukwa chake mukabwerako. Ndipo palibe munthu, kaya ndi abusa kaya ndi amene anakulipirirani basi, amene ali ndi mphamvu yokulamulani kuti vota chakuti.

Ntchito yeniyeni imayambira kunyumba pa mapepala. Konfarensi isanachitike pamatuluka malipoti a makomiti, bajeti, ndi ma resolution, nkhani zoti zikavoteredwe zimene anthu atumiza, masiku ano nthawi zambiri zimabwera pa WhatsApp ngati PDF, ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula koma tsitsani, ngati nkotheka kapulintitseni masamba a bajeti ndi a ma resolution okhawo. Mu lipoti lililonse thamangirani pamene alemba ma recommendation, chifukwa nkhani zina zonsezo ndi zongokudziwitsani koma pamenepo ndi pamene mukavotere. Tengani bolopeni, pambali pa chilichonse lembani kuti eya, ayi, kapena funso. Mapepala akachedwa kufika vutitsani a DS mwaulemu, si mwano umenewo, munthu sangavote bwino pa chinthu chimene wachiona koyamba mmawa womwewo. Ngati mpingo wanu uli ndi nkhani yake yoti ikakambidwe ilembeni msanga nkutumiza tsiku lomaliza lisanadutse, ikhale yaifupi, inene chimene mukufuna chichitike, achite ndani, pofika liti, ndalama zichokera kuti. Nkhani yochedwa kuti ilowe pamafunika kuimitsa kaye malamulo, ndipo zimenezo zimafuna mavoti awiri mwa atatu alionse, sizophweka.

Tsiku loyamba akangomaliza mapemphero otsegulira, chimodzi mwa zinthu zoyambirira kuvotera ndi chimene amachitcha bar of the conference. Amenewa ndi malire a mipando, amati kuyambira mzere wakuti mpaka mzere wakuti ndi mmene mukhale anthu ovota, kunja kwake ndi kwa alendo. Anthu ambiri sazitenga ngati nkhani koma ukakhala kunja kwa malire amenewo voti yako siwerengedwa ngakhale uli ndi baji pakhosi, ukaimirira pakhomo kufuna kamphepo, kapena wakhala kumbuyo ndi anzako a kwaya, owerenga mavoti amakudumpha ndipo sanalakwe. Khalani mkati, khalani malo oti mukumva bwino, ndipo mukaona pa ajenda kuti bajeti kapena zisankho zikubwera ikatha nkhomaliro musapite kutauni kukagula zinthu nthawi imeneyo. Nthawi yomweyo amavomerezanso ajenda ndi malamulo a zokambirana, mvetserani, chifukwa mukawavomereza akumangani mpaka tsiku lomaliza.

Makonfarensi ena amakhala ndi consent calendar, ndiye kuti nkhani zambiri zimene akuganiza kuti palibe angatsutse amazimanga mtolo umodzi nkuzivotera kamodzi popanda kukambirana. Zimapulumutsa nthawi ndithu koma apa ndi pamene zinthu zimadutsa anthu ali mtulo. Mukaona kuti mu mtolomo muli nkhani imene mukufuna ikambidwe, ma standing rules amanena mmene mungaichotsere, kawirikawiri pamafunika masiginecha a mamembala angapo nthawi yake isanakwane.

Tsopano mmene nkhani imayendera pabwalo. Makonfarensi ambiri amatsata Robert's Rules of Order, malamulo a misonkhano amene msilikali wa ku America Henry Martyn Robert anatulutsa mu 1876, amaoneka ngati ovuta koma fupa lake ndi laling'ono, nkhani imodzi pa nthawi imodzi, munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ochuluka amapambana koma ochepa ayenera kumvedwa kaye. Mukafuna kulankhula mumakweza dzanja kapena khadi, kwina amagawa makhadi amitundu, wina wosonyeza kuti mukugwirizana nazo, wina wotsutsa, wina wa funso, nkudikira kuti bishopu akulozeni. Mukafika pa maiki musayambe ndi moni wautali wa akuluakulu onse amene ali kutsogolo, nthawi yanu ikutha, nenani kuti abishopu, ndine wakutiwakuti, lay member wa seketi yakuti distirikiti yakuti, ndikupereka mosheni yoti chakutichakuti. Wina ayenera kusekonda, popanda wosekonda mosheni imafera pomwepo, nde uzanani ndi mnzanu pasadakhale. Wosekonda sikuti wavomereza, wangoti nkhaniyi ndiyoyenera kukambidwa. Mosheni ilembedwe papepala nkuperekedwa kwa mlembi mawu ake enieniwo, chifukwa chimene chimalowa mu journal, buku la zonse zimene konfarensi yagwirizana, ndi chimene chalembedwa osati chimene munkatanthauza mumtima.

Polankhula mulankhule kwa bishopu osati kwa munthu amene mwasemphana naye maganizo, musamuloze chala, musatchule zakale zake. Nthawi imakhala yochepa, mwina maminitsi awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri amasinthanitsa wovomereza mmodzi wotsutsa mmodzi mpaka chiwerengero chimene malamulo anaika. Yambani ndi kunena mbali imene muli, perekani chifukwa chimodzi kapena ziwiri zochokera ku zimene mwaona ndi maso anu, khalani pansi. Ine ndaona kuti mayi amene waimirira nkunena kuti kwathu abusa akhala miyezi osalandira kanthu ndiye mukatikwezera chopereka tidzawadyetsa chani, amasuntha mitima kuposa munthu amene walankhula Chingerezi chozama maminitsi onse osanena kanthu. Ndipo pa nkhani ya chilankhulo, zokambirana zikamayenda mu Chingerezi inu simukumva bwino pemphani womasulira, lankhulani Chichewa chanu kapena Chitumbuka chanu, palibe lamulo loti nzeru zimabwera mu Chingerezi chokha.

Pamene anthu ambiri timasochera ndi pa ma amendimenti, ndiye apa ndichedwepo. Tiyerekeze kuti komiti yabweretsa mosheni yoti K2,000,000 ipite ku maphunziro a alaliki wamba. Wina waimirira, akuti ndikusintha, ikhale K3,000,000, wina wasekonda. Kuyambira pamenepo nkhani imene ili pabwalo si yoti maphunziro achitike kapena ayi, nkhani ndi yoti nambala isinthe kapena isasinthe, basi. Bishopu akati amene mukuvomereza kwezani manja mukuvotera kusintha kwa nambala kokha. Amendimenti ikadutsa mosheni yaikulu ija sinadutsebe, yangovala nambala yatsopano, ikambidwanso nkuvoteredwanso. Ikagwa mumabwerera ku K2,000,000 ija. Ndiye nkotheka kuvomereza amendimenti kenako nkukana mosheni yonse, kapena kukana amendimenti nkuvomereza mosheni, palibe chachilendo. Pakhozanso kubwera wachitatu nkuti ndikusintha amendimentiyo ikhale K2,500,000, zimaloledwa, koma zimathera pomwepo, wachinayi ayenera kudikira kuti imeneyi ivoteredwe kaye. Mumavota kuyambira chomaliza kubwera nkumabwerera mmbuyo, ngati mmene umachotsera mbale zosanjikiza, yapamwamba kaye. Ine masiku ano ndimalemba pa kope langa mizere itatu nkumadula umodzi umodzi tikavota, zimandithandiza kwambiri.

Mukasokonezeka musakweze dzanja mongotsatira gulu. Kwezani khadi ya funso nkunena kuti abishopu, chonde tiwerengereninso chimene tikuvotera. Umenewu ndi ufulu wanu ndipo ndikukutsimikizirani kuti anthu ambiri muholomo apumira mmwamba chifukwa nawonso anali atasochera koma amachita manyazi. Paja safunsa anadya phula. Funsani voti isanayambe, ikayamba siidulidwa wamba.

Pali timamosheni tina tingapo timene ndi bwino kutidziwa. Mukaona kuti nkhani ndi yabwino koma sinapse, manambala ake sakumveka, pemphani kuti itumizidwe ku komiti yoyenera idzabwerenso ndi lipoti, imeneyi kwa ine ndi mosheni yanzeru kwambiri imene anthu saigwiritsa ntchito mokwanira, imapulumutsa nkhani yabwino kuti isaphedwe chifukwa chothamanga. Mukhozanso kupempha kuti iimitsidwe mpaka nthawi yakuti, mwina mawa mmawa msungichuma akabweretsa mapepala. Point of order ndi ya pamene malamulo aphwanyidwa, mwachitsanzo wina akulankhula kachiwiri ena asanalankhule, si njira yolowera pawindo kuti munene maganizo anu. Ndiye pali ija yotseka zokambirana, amati previous question, anthu akatopa wina amakuwa kuti tivote tivote, koma kukuwa sikutseka kanthu, munthu ayenera kulozedwa ndi bishopu, apereke mosheni, isekondedwe, ndipo imafuna mavoti awiri mwa atatu chifukwa mukuwalanda ena mwayi wolankhula. Ine ndimapempha kuti tizisamala nayo imeneyi, nthawi zambiri amene amakhala asanalankhule ndi achinyamata ndi amayi a kumaseketi akumudzi amene amatenga nthawi kuti alimbe mtima, akuluakulu ozolowera maiki amakhala atalankhula kale.

Kawerengedwe ka mavoti nkosavuta mukakadziwa. Nkhani zambiri zimadutsa ndi oposa theka la amene avota. Anthu 90 akavota pafunika 46, ikakhala nkhani yofuna awiri mwa atatu pafunika 60. Amene sanakweze dzanja mbali iliyonse sawerengedwa, ndiye kukhala chete si kukana ayi, mwangosiya ena akusankhireni. Mavoti akafanana mosheni yagwa. Bishopu akalengeza kuti yadutsa koma inu mwaona kuti manja anali pafupifupi ofanana, imirirani pompo nkupempha kuti awerengedwe, anthu amaimirira ndipo owerenga amayenda mzere ndi mzere, si kunyoza bishopu, kuchokera kutsogolo holo imaoneka mwina. Pa nkhani yowawa imene anthu akuopana mukhoza kupereka mosheni yoti voti ikhale yachinsinsi ya papepala. Ndipo zikadziwika mawa lake kuti tinalakwitsa pali mosheni yobwereranso ku nkhani, koma woipereka ayenera kukhala mmodzi mwa amene anapambana, osati oluza.

Za ndalama. Bajeti imakonzedwa ndi Council on Finance and Administration, anthu amangoti CFA, ndipo konfarensi ikaivomereza imagawidwa ku mipingo yonse, gawo lanulo ndi limene lidzafike kwa msungichuma wanu nkusanduka ma pepa sande, zokolola ndi maenvulopu. Ndiye pamene mukukweza dzanja muzikumbukira nkhope za anthu amene adzasonkhe. Funsani mafunso osavuta, chaka chatha tinalonjeza zingati tinatolera zingati, lipoti la odita lili kuti, ndalama zochokera kwa abale akunja zili pa mzere uti ndipo zikasiya kubwera chidzaime nchani, abusa a kumudzi akulandira zawo? Mafunso amenewa si kukayikira munthu, ndi ntchito imene anakutumirani. Ndipo mosheni iliyonse yofuna ndalama zimene mulibe mu bajeti imayenera kudutsa kaye ku CFA kuti anenepo, nde musadabwe bishopu akaitumiza kumeneko mmalo moivotera pomwepo.

Palinso zinthu zimene simudzavotera ngakhale mutafuna bwanji. Kudzoza abusa, khalidwe lawo, kuwalandira kapena kuwapumitsa, zimenezo zimakambidwa mu clergy session, msonkhano wa abusa, ndipo akhristu wamba amene amavota mmenemo ndi ochepa okha amene malamulo anawapatsa mpata, monga a mu Board of Ordained Ministry, komiti yoona za kudzoza abusa. Koma mudzamva nokha bishopu akuwafunsa odzozedwawo mafunso akale a Wesley pamaso pa onse, limodzi mwa iwo limafunsa ngati munthu ali ndi ngongole yoti ingamusokoneze pa utumiki, ine ndikalimva limenelo ndimaona kuti makolo a mpingo uno ankaudziwa moyo. Kusamutsa abusa nakonso si kwa voti, amasamutsa ndi bishopu pokambirana ndi ma DS, ndipo mayina amangowerengedwa kumapeto. Ngati mpingo wanu uli ndi dandaulo pa abusa njira yake ndi komiti ya pastor-parish relations, yoona za ubale wa abusa ndi mpingo, ndi a DS, osati maiki ya pa konfarensi. Chinanso, annual conference singapange lamulo lotsutsana ndi Discipline. Mukaona ngati zimene zikuchitika zikuphwanya bukuli, lembani funso lanu papepala msonkhano uli mkati, likhale lokhudza nkhani imene ili pabwalo, nkupempha bishopu apereke chigamulo cha lamulo, ndipo zigamulo zoterozo zimakaunikidwanso ndi bwalo la mpingo, lalikulu kwambiri ndi Judicial Council ya anthu 9.

Chaka cha zisankho ndiye kumatentha. General Conference, msonkhano waukulu wa mpingo wonse padziko lapansi, imakumana zaka zinayi zilizonse, nthumwi zake zimakhala pakati pa 600 ndi 1,000, theka abusa theka akhristu wamba, ndipo ya ku Charlotte ku America mu 2024 inali ndi mipando 862. Konfarensi iliyonse, ngakhale yaing'ono, imatumiza mbusa mmodzi ndi lay mmodzi kapena kuposa apo malinga ndi kukula kwake. Ma lay amasankha ma lay anzawo, abusa amasankha abusa anzawo, simusakanizana. Kumbali ya abusa osankhidwa amakhala ma elder ndi ma deacon a full connection, ndiye kuti abusa odzozedwa amene ndi mamembala athunthu a konfarensi, pomwe ma local pastor, abusa osadzozedwa otumikira ndi laisensi, amavota nawo ngati anamaliza maphunziro ofunika komanso atumikira zaka ziwiri zotsatizana. Mvetserani bwino malangizo a pepala la voti, mukauzidwa kuti lembani mayina awiri lembani awiri, m'makonfarensi ambiri pepala la mayina ochuluka kapena ochepa limatayidwa. Munthu amapambana akapeza oposa theka, ndiye mavoti akhoza kubwerezedwa kangapo, musatope nkutuluka, chifukwa omaliza kusankhidwa amasankhidwa ndi amene apirira. Apa ndinene zakukhosi, ulendo wakunja usakhale mphoto ya munthu chifukwa ndi wachibale kapena wakwathu kapena wagawa ma yuniti usiku. Sankhani munthu amene amawerenga, amene angaime pa maiki pakati pa anthu mazanamazana osanjenjemera, amene adzabwera kudzatiuza zoona. Nthumwi zimenezi ndi zomwenso zimasankha mabishopu kumbali yathu ino, ngati mmene anasankhidwira a Bishopu Gift Machinga ku Johannesburg mu March 2025.

Voti yolemera kuposa zonse ndi ya kusintha constitution ya mpingo. Kusintha kumeneku kumayamba kwadutsa ku General Conference ndi awiri mwa atatu, kenako kumabwera ku ma annual conference onse padziko. Apa pali zinthu zitatu zosiyana ndi mavoti ena. Simungasinthe ngakhale liwu limodzi, mumangoti eya kapena ayi. Amavota ndi ma lay member ndi abusa a full connection okha, ma local pastor ndi abusa a provisional, amene akadali pa nthawi yoyesedwa, savota. Ndipo sawerenga kuti konfarensi yakuti yavomera yakuti yakana, amaphatikiza mavoti a munthu aliyense padziko lonse, a ku Manila, a ku Texas, a ku Mutare, a ku Blantyre, nkuona ngati afika awiri mwa atatu, ndipo Council of Bishops, bungwe la mabishopu onse, ndi imene imalengeza. Tanthauzo lake ndi loti ngakhale muli nokha mbali yanu muholo monse voti yanu siitayika, imakalowa mu chiwerengero chachikulu. Umu ndi mmene inadutsira regionalization, imene inavomerezedwa ku Charlotte mu 2024 nkulengezedwa mu November 2025 kuti yakhazikika, yopatsa zigawo za mpingo, kuphatikizapo America yomwe, mphamvu zofanana zosinthira mbali zina za Discipline molingana ndi kwawo.

Zaka zapitazi mavoti a m'makonfarensi ang'amba mitima ya anthu, tisabise. Ku America mipingo yoposa 7,000 inatuluka mu United Methodist Church pakati pa 2019 ndi 2023, uliwonse utavota kwawo ndi awiri mwa atatu kenako annual conference nkuvomereza, mpingo watsopano wa otuluka wotchedwa Global Methodist Church unayamba pa 1 May 2022, ndipo konfarensi ya ku Côte d'Ivoire inavota zotuluka mu May 2024. Gwero lake mukulidziwa, kusemphana pa nkhani ya amuna kapena akazi okwatirana okhaokha ndi kudzoza kwawo. Ine pano sindikuuzani mbali yoti muime, koma ndikupemphani ndi mtima wonse kuti pa nkhani zolemera chonchi muwerenge mawu enieni amene akuvoteredwa, osati voice note imene yazungulira magulupu asanu isanafike kwa inu. Pemphani pepalalo, pemphani limasuliridwe, funsani kuti tikati eya chisintha nchani pa mpingo wathu, pa malo athu, pa abusa athu, tikati ayi chisintha nchani. Madzi akatayika saoleka, ndipo mavoti ena sabwezeka chaka chamawa.

Tsiku lina mudzaluza voti imene munaiikira mtima wonse, zimapweteka, ine zinandichitikirapo pa nkhani ya achinyamata ndipo usiku umenewo sindinadye. Musatuluke muholo mokwiya, musakalembe pa Facebook kuti anzanu agulidwa pomwe mulibe umboni. Amene anavota mosiyana nanu mukagwada nawo limodzi pa Mgonero tsiku lomaliza. Nkhani yanu ikhoza kubweranso chaka chamawa itakonzedwa bwino, pitani kwa amene anaikana mukawafunse chimene chinawavuta, nthawi zambiri mupeza kuti sanakane cholinga koma nambala kapena nthawi. Ndipo ikakhala nkhani yofuna kusintha Discipline yeniyeniyo, membala aliyense wa mpingo ali ndi ufulu wotumiza pempho lake ku General Conference. Mukapambananso osaimba mluzu ndi nthungululu pamaso pa amene aluza.

Mukabwerako muli ndi ngongole ya lipoti. Discipline imati lay member apereke lipoti ku church council, khonsolo yoyendetsa mpingo wanu, mwamsanga, isanapitirire miyezi itatu chitsekereni konfarensi, koma ine ndimati musadikire mpaka pamenepo, sabata ziwiri zakwana, zinthu zikadali mmutu. Ndiye muli konko lembani tsiku lililonse musanagone, nkhani yanji, yadutsa kapena yagwa, manambala ake ngati anawerenga, inu munavota bwanji. Pa lipotilo musataye nthawi ndi za chakudya ndi kogona, nenani kuti mpingo wathu upereka zingati chaka chino ndipo zikagwira ntchito yanji, ndani wasankhidwa pa maudindo ati, pali masiku ati ofunika, nkhani imene munatituma inathera pati. Kumbukiraninso kuti udindo umenewu umakukhazikani mu church council, mu komiti ya zachuma ndi ya pastor-parish relations chaka chonse, nde zimene munavotera uko mudzazitsatira nokha kuno. Pemphani abusa akupatseni maminitsi khumi Lamulungu mapemphero akatha, mufotokozere mpingo wonse mu chilankhulo chimene agogo akumva, musiye nthawi ya mafunso, ndipo journal ikatuluka pezani kope limodzi mulisiye kwa mlembi wa mpingo kuti amene adzasankhidwe pambuyo panu adzayambire pamenepo.